Galu sadzikanda pachabe, tisathamangire mapiritsi

Mukayenda m'misewu ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo kapena Mgona dzuwa litapendeka, simulephera kuona galu ali tsonga pambali pa mpanda, mwendo wakumbuyo uli m'khosi, akudzikanda ngati pali amene wamulemba ganyu. Ena ubweya unathothoka kalekale, kwangotsala khungu lakuda lokakala. Ana amawagenda, akuluakulu amangoti "choka, galu wamphere iwe!" Koma kukada, galu yemweyo ndiye mlonda wa pakhomo, mlonda amene salandira kanthu pakutha pa mwezi.

Sabata ino ndati tikambirane za agalu amenewa, makamaka za chizolowezi chimene ndimachiona ndikabwera kutchuthi kwa abale mu mzinda wa Lilongwe. Galu akayamba kudzikanda, mwini wake safunsa kuti chikumuyabwa n'chiyani. Amapita kogula mankhwala, n'kutenga timapiritsi ta prednisolone, tomwe tija anthu a mphumu amapatsidwa kuchipatala, n'kutikwirira m'mbamu ya nsima. Ena amaitana munthu "wodziwa kubaya" kuti adzamubaye dexamethasone. M'mawa mwake galu wagona tulo tabwino, sakudzikandanso, ndipo mbiri imawanda mdadada wonse wa nyumba za lendi kuti mankhwala a mphere apezeka.

Mankhwalawa si abodza ayi. Madokotala a ziweto padziko lonse amawagwiritsa ntchito, ndipo pali agalu amene sangakhale pamtendere popanda iwo. Koma tiyenera kudziwa chimene amachita m'thupi. Sapha nthata, sapha tizilombo ta mphere, sachiza zipere. Ntchito yake ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi kuti chisiye kulimbana. Pali galu amene zimenezi zimamupulumutsa, ndipo pali wina amene zimamukankhira kumanda. Nkhani yonse yagona pa kusiyanitsa agalu awiriwa.

Ndiyambe ndi woyambayo. M'kalasi ya Biology ndimauza ana kuti m'magazi mwathu muli asilikali. Kachilombo kakalowa, asilikaliwo amathamangira pamalopo, pamatupa, pamafiira, pamatentha, nthawi zina pamayabwa. Imeneyo ndi nkhondo yabwino. Koma mwa anthu ena asilikali amapsa mtima ndi zinthu zosavulaza. Tonse timamudziwa munthu amene amati mlamba umamuwenga, kapena mazira, kapena nyama ya nkhumba. Akangolawa, thupi lonse ziwengo. Mlambawo ulibe poizoni, mnzake wadya mbale yomweyo ndipo ali bwinobwino. Olakwa ndi asilikali ake omwe.

Agalu nawo amawengedwa. Chimene chimawenga agalu ambiri ndi malovu a nthata. Galu wotere safunika nthata zambiri, kulumidwa kangapo kokha amadzikanda masiku angapo, makamaka kumsana chakumchira, mpaka kudziluma ndi mano. Ena amawengedwa ndi zakudya monga nyama ya ng'ombe, ya nkhuku kapena mkaka. Ndiye pali matenda amene madokotala amawatchula kuti atopic dermatitis, pomwe galu amawengedwa ndi mungu wa udzu ndi mitengo kapena tizilombo tosaoneka tokhala m'fumbi la m'nyumba. Matendawa amayamba galu ali ndi miyezi 6 mpaka zaka zitatu. Amanyambita zala za kumapazi kosalekeza, amakhula nkhope pansi, m'makutu mumafiira ndi kununkha, m'khwapa ndi pamimba pamakhala ziwengo. Amayenda m'magazi a makolo, ndipo amapezeka kwambiri m'mitundu ngati German Shepherd, Labrador, Boxer ndi Bulldog. Sachizika kuti atheretu. Galu amakhala nawo moyo wake wonse, chimene chimatheka n'kuwachepetsa mphamvu.

Apa ndi pamene mankhwala ofooketsa chitetezo ali ndi malo ake. Akale kwambiri ndi a gulu la prednisolone ndi dexamethasone. Kholo lake ndi cortisone, amene anayamba kuperekedwa kwa odwala nyamakazi ku Mayo Clinic ku America mu 1948, ndipo amene anawatulukira analandira mphotho ya Nobel mu 1950. Amagwira msanga ndipo ndi otchipa, n'chifukwa chake ndi amene afika m'makomo mwathu.

Ena ndi ciclosporin, amene anachokera ku mtundu wina wa nkhungu yopezeka m'dothi la ku Norway. Poyamba ankapatsidwa kwa anthu amene awaika impso ya munthu wina, kuti thupi lisaikane. Taganizirani mphamvu yake pamenepo. Kwa agalu amagulitsidwa ndi dzina loti Atopica, ndipo amatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kuti zotsatira zioneke bwino. Agalu ena amasanza kapena kutsegula m'mimba poyamba, ena nkhama zimakula. Mu 2013 ku America kunavomerezedwa mankhwala ena otchedwa oclacitinib, amene amadziwika kuti Apoquel. Awa amaletsa kuyabwa pasanathe tsiku, koma opanga ake omwe amachenjeza kuti asaperekedwe kwa galu wosakwana chaka chimodzi kapena wodwala matenda ena aakulu, komanso kuti amatha kutsegulira njira mphere. Palinso jakisoni wotchedwa Cytopoint, amene amatseka kachinthu kamodzi kokha konyamula uthenga wa kuyabwa, ndipo amabayidwa pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi itatu. Atatu omalizawa ndi ochokera kunja, ogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikutisowazi, ndipo mtengo wake si wa munthu wodalira geni ya tomato pamsika wa ku Area 23.

Tsopano tibwere kwa galu wachiwiri, amene ndi wochuluka m'makomo mwathu. Galu wogona pa thumba lakale kuseri kwa bafa, woyenda usiku ndi anzake a kudzala, wosaonapo mankhwala a nthata chibadwire, akamadzikanda choyamba kuganizira si mungu wa maluwa. Ndi tizilombo.

Mphere za agalu zili mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba umayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes, kamene kamakumba timayenje m'khungu n'kuikiramo mazira. Kamakonda m'mphepete mwa makutu, pazigongono ndi pamimba, ndipo kuyabwa kwake ndi koopsa. Galu amapatsira mnzake pongokhudzana. Mtundu wachiwiri ndi wa Demodex, kachilombo kokhala m'timabowo momera ubweya. Agalu athanzi ambiri ali nako pang'ono, ndipo sikawavuta chifukwa asilikali aja amakaletsa kuswana. Kamaphulika pa tiagalu tating'ono ndi pa agalu amene chitetezo chatsika. Kupatula mphere, pali zipere zimene zimabwera ndi nkhungu ya pakhungu, pali zilonda za mafinya, palinso mphutsi zija zimalowa m'khungu galu akagona pa dothi pamene ntchentche yaikira mazira, makamaka nyengo ya mvula.

Tsono onani chimene chimachitika galu wa mphere akamwa prednisolone. Kuyabwa kumaleka, mwini wake amasangalala. Koma pansi pa khungu tizilombo tapeza ufulu, pakuti amene amatiletsa agonekedwa. Timaswana mosaletseka. Mapiritsi akatha, galu amadzikanda kuposa kale, mwini wake amagulanso ena n'kuonjezera mlingo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kachigamba kamene kanali pakhutu kakuta thupi lonse, khungu lang'ambika, mafinya akuchucha. Zili ngati munthu amene agalu auwa usiku, iye m'malo mosuzumira panja wawatsekera m'khitchini kuti agone bwino, mbala zili pawindo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutchuthi chapitachi ndinaona galu wa mtundu wosakanizika ndi German Shepherd kwa aneba a achimwene anga ku Area 25. Bambo a pakhomopo anamugula ali kamwana pamtengo wokwera, ndipo anakhala akumumwetsa timapiritsiti kuyambira nthawi yokolola mpaka mwezi wa Ogasiti. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi anakulemberani mankhwalawa ndani?" Iwo anati, "Aphunzitsi, anandiuza ndi anzanga a kuntchito, wawo anachira nawo." Mwina wa anzawowo analidi wowengedwa. Wawo atapita naye kwa dokotala wa ziweto, anakamupeza ndi Demodex thupi lonse, ndipo chithandizo chake chinatenga miyezi ndi ndalama zoposa zimene akanalipira tsiku loyamba. Safunsa anadya phula.

Ngakhale kwa galu wowengedwadi, mankhwala a gulu la prednisolone ali ndi mitengo yake imene thupi limalipira. Masiku oyambirira galu amamwa madzi kwambiri, amakodza pafupipafupi, amakhala ndi njala yosatha ndipo amapuma mwawefuwefu. Akamwa miyezi yambiri, mimba imatuluka, minofu ya miyendo imafota, khungu limapyapyala, chilonda chimachedwa kupola, matenda a m'chikhodzodzo amabwera, ndipo ena amayamba matenda a shuga. Galu wa bere akhoza kutaya ana. Kuno kwathu nkhupakupa zimafalitsa matenda owononga magazi a agalu, aja amayeretsa nkhama galu n'kufooka. Galu amene chitetezo chake tachigoneka dala amalimbana nawo bwanji matenda amenewo?

Pali zoopsa zina ziwiri zimene anthu ambiri sazidziwa. Choyamba, mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi ngati galu wawamwa nthawi yaitali. Pamwamba pa impso pali tiziwalo timene timapanga mankhwala achilengedwe ofanana nawo. Thupi likamalandira a kunja tsiku ndi tsiku, tiziwaloti timachita ulesi n'kusiya ntchito. Mukadula mapiritsi kamodzi n'kamodzi, galu amatsala wopanda a kunja ndi a m'kati omwe, akhoza kufooka, kusanza, ngakhale kufa kumene. N'chifukwa chake dokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono. Chachiwiri, kuphatikiza prednisolone ndi mankhwala opha ululu ngati Brufen kapena Indocid kumaboola zilonda m'mimba mwa galu. Ndipotu Brufen payekha ndi woopsa kwa galu, monganso Panado amaphera mphaka. Mankhwala a anthu anayezedwa pa thupi la munthu. Mlingo wa bambo wolemera makilogalamu 65 sungakhale wa galu wa makilogalamu 12.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, zonsezi chifukwa cha galu?" Nkhaniyi imalowa mpaka m'nyumba. Kachilombo ka Sarcoptes kochokera kwa galu kamaluma anthu, makamaka ana amene amamunyamula, n'kuwatulutsa tiziphuphu toyabwa m'mikono ndi pamimba. Zipere zimachoka kwa galu kupita pamutu pa mwana. Mwana wokwawa akameza nthata mwangozi akhoza kutenga njoka za m'mimba. Piritsi loletsa kuyabwa limabisa zonsezi, galu amaoneka ngati wachira pamene akupitiriza kugawa matenda pakhomo.

Ndipo galu akafika ponyansa, ambiri timamutaya. Amakakhala kumsika ndi kumadzala, kopanda womutengera kukatemera wa chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo kuti matendawa athe pamafunika kutemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera. Ku Blantyre mu 2015 a Mission Rabies anatemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20, zomwe zinaonetsa kuti eni agalu m'Malawi muno amabwera akaitanidwa. Koma galu wotayidwa alibe womubweretsa. Ndiponso ngati galu wanu akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo, auzeni obaya katemera, chifukwa katemera amadalira chitetezo chomwecho kuti agwire ntchito.

Nanga tichite chiyani galu akayamba kudzikanda? Tiyambe ndi maso athu. Muimikeni pa pepala loyera lonyowa, mupeseni kumsana ndi chipeso. Mukaona timadontho takuda tikugwa n'kusungunuka kukhala tofiira, amenewo ndi manyi a nthata, magazi a galu wanu amene zamwa. Nthata yaikazi imodzi imatha kuikira mazira mpaka 50 patsiku, ndipo mazirawo amagwera pamene galu amagona. Nthata zimene mukuziona pathupi ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi mazira ndi ana ake amene ali m'thumba logonera, m'ming'alu ya simenti ndi m'fumbi la pakhonde. Choncho sesani tsiku ndi tsiku, zinyalalazo muzitenthe, chapani zogonera ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa, ndipo thumba lothaitha litenthedwe. Agalu ndi amphaka onse a pakhomo athandizidwe nthawi imodzi. M'nyumba za mdadada, gwirizanani ndi aneba, pakuti nthata sizidziwa malire a lendi.

Mankhwala opha nthata, nkhupakupa ndi tizilombo ta mphere alipo osiyanasiyana. Pali osambitsira monga amitraz, pali ivermectin, palinso mapiritsi atsopano monga Bravecto amene amagwira milungu 12. Koma nawonso afunika wodziwa. Ivermectin amapha agalu a mitundu ina monga Collie, ndipo mankhwala ena a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka. Zomwe ndikupemphani kuti tisiyiretu ndi kupaka galu oyilo wakutha wa galimoto, palafini, mankhwala opopera thonje ndi fodya, kapena aja oteteza chimanga kwa anankafumbwe. Galu amadzinyambita, zonsezo zimathera m'chiwindi, ndipo mwana wanu amamugwira ndi manja omwe adyere nsima.

Ngati nthata zatha koma kudzikanda kukupitirira, imeneyo ndi nthawi ya dokotala. Iye amapala pang'ono pakhungu ndi kampeni n'kuyang'ana pa makina okuza tizilombo, monga momwe amayezera malungo kuchipatala. Demodex amaoneka mosavuta. Sarcoptes amabisala, moti nthawi zambiri dokotala amapereka mankhwala a mphere ngakhale sanamuone, kuti aone ngati galu asinthe. Mafinya ndi zipere zili ndi mankhwala akeake. Akakayikira chakudya, amakuuzani kuti mudyetse galu chakudya cha mtundu umodzi chimene sanadyepo, kwa milungu isanu ndi itatu, osamupatsa makombo alionse. Zonsezi zikachotsedwa, ndi pamene amanena kuti galu uyu ndi wowengedwa, n'kusankha mankhwala ofooketsa chitetezo, mlingo woyezedwa ndi sikelo, wochepetsetsa umene ungagwire ntchito, ndi tsiku lobwerera kuti akamuonenso. Nthawi zina dokotala amapereka prednisolone wa masiku ochepa kwa galu wa mphere za Sarcoptes kuti apumeko, koma amatero pamodzi ndi mankhwala opha tizilomboto, osati m'malo mwake.

Anthu a mu Lilongwe muli ndi mwayi umene ife a kumudzi tilibe. Bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008, lili ndi chipatala cha zinyama mumzinda momwemo ndipo limayendera madera kukatemera agalu. Ku Bwemba kuli labotale yaikulu ya boma yoyeza matenda a ziweto. Alangizi a ziweto a boma alipo, ndipo sukulu ya LUANAR ku Bunda tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto konkuno, pomwe kale ankaphunzira kunja kokha. Kumene ndimaphunzitsa ine, mlangizi mmodzi amayendera midzi yambirimbiri pa njinga, ndipo ng'ombe ndi mbuzi ndizo zimayamba.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta. Munthu amene akusowa ya ufa ndi ya sukulu fizi, kumuuza za dokotala wa galu zimamveka ngati chipongwe. Koma tawerengerani bwino. Tsache, dzuwa ndi madzi otentha n'zaulere. Ulendo umodzi wokaonetsa galu matenda akadali pakhutu ndi wotchipa kuposa miyezi itatu ya mapiritsi olakwika, kenako chithandizo cha galu wowola khungu, kenako kugula galu wina. Ndipo amene mukufuna kugula kagalu kachizungu kwa anyamata ogulitsa m'mphepete mwa msewu, dzifunseni kaye ngati mudzakwanitse kukasamala kakadzapezeka kuti n'kowengedwa moyo wake wonse. Galu wathu wa makolo, uja timamunyoza kuti wachikuda, anazolowera dzuwa ndi fumbi lathu, ndipo akadya bwino n'kutemeredwa amalonda nyumba mosachepera mnzake.

Pempho langa lipite mbali zitatu. Kwa ogulitsa mankhwala: prednisolone ndi dexamethasone ndi mankhwala ofunika kalata ya dokotala. Munthu akati "ndi a galu wanga", mulozereni kwa a ziweto, ndipo a bungwe la PMRA, amene amayang'anira mankhwala m'dziko muno, aziyenderanso misika ndi timaokala. Kwa obaya katemera wa chiwewe: tsiku limene anthu afola ndi agalu awo pabwalo la sukulu, ngakhalenso pa 28 Sepitembala pokumbukira matenda a chiwewe, patulani mphindi zisanu kunena za nthata ndi mphere, pakuti eni agalu onse mwawapeza malo amodzi. Kwa aphunzitsi anzanga a Agriculture ndi Biology: timaphunzitsa za nkhupakupa pa ng'ombe ndi utitiri pa nkhuku, koma galu sitimutchula kawirikawiri, chonsecho ndi ana omwewa amene amamudyetsa ndi kumusambitsa kunyumba. Mwana wa Fomu 2 akamvetsa kusiyana kwa mankhwala opha kachilombo ndi mankhwala ogoneka chitetezo, adzathandiza galu, ndipo tsiku lina adzafunsanso mafunso oyenera pamene wina akumugulitsa piritsi loti amwe iye mwini.

Makolo anati galu wamkota sakandira pachabe. Ankanena za kukanda pansi, koma ndi pathupi pomwe n'chimodzimodzi. Galu wanu akayamba kudzikanda, tengani chipeso ndi pepala loyera musanatenge chikwama cha ndalama. Tionanenso sabata yamawa.